Metal Gear Solid 3 imakoma pati, poti ine ndikungokwawa mu udzu?

Mphate_Boy

Akuluakulu muli bwanji kuno. Ine ndili pa Ntcheu boma, ndili ndi kashopu ka magemu, ma TV awiri, PS2 yakale ndi PS3, ana asukulu akaweruka amadzadza kudzamenya mpira, ena Mortal Kombat, ena San Andreas kumangoba magalimoto mpaka nthawi yawo ithe. Nde mwezi wathawu msuweni wanga wa ku Joni anabwera ndipo anandisiyira jumbo ya ma disiki ake akale, mkatimo muli Metal Gear Solid 2 ndi Metal Gear Solid 3 Snake Eater, zonse za PS2. Iyeyo amvekere palibe gemu inamugwirapo mtima ngati ya 3 yo, akuti mpaka mu 2025 anayipanganso mwatsopano ya PS5 nkuyitcha Delta.

Ndayiyika usiku nditatseka shopu. Koyambako ndi filimu, munthu akudumpha mu ndege, kenako wailesi, ukayenda pang'ono wailesi yaliranso, akulu aja kumalongosola zinthu zosatha. Nditalowa mu nkhalango muja msilikali wandiona ine ndisanamuone, chiphokoso, anzake atulukira mbali zonse, mfuti ndili nayo ndi yogonetsa tulo yoti ukawombera kamodzi uyikoke kaye. Nde ndikungokhalira kukwawa mu udzu kudikira munthu atembenuke.

Ndifunse kwa amene munayisewera, kukoma kwake kuli pati kwenikweni? Anthu sangayitame chonchi pachabe, pali chomwe ine sindikuchiona. Komanso kodi ndiyambe kaye ya 2, kapena ndisake ya 1, kuti nkhani ndiyimve? Nanga ku bizinesi, gemu ngati imeneyi ingagwire mu shopu ya kwathu kuno kapena ndingoyisunga ya ine ndekha?

Chongoni78

Achimwene a pa Mphate, chonde musayibwezere mu jumbo imeneyo. Ine ndili ku Dedza kuno, ndinayisewera ndili mnyamata ndipo mpaka lero ikafika June ndi July, kuzizira koti madzulo munthu sutuluka panja, ndimayibwereza.

Za kuyamba 1 kapena 2 musavutike nazo. Ya 1 inatuluka mu 1998 pa PlayStation yoyamba, ya 2 mu 2001, ya 3 mu 2004, koma nkhani ya mu 3 ndi imene ikuchitika koyambirira kwa zonsezo, chaka cha 1964, nthawi imene America ndi Soviet Union amalozana mabomba a nyukiliya, patangopita zaka ziwiri chichitikire mkangano wa mizinga ya ku Cuba wa 1962 uja. Snake amene mukumuyendetsayo si Solid Snake wa mu 1 ndi 2, ameneyu ndi Naked Snake. Amutuma ku nkhalango ya Soviet kukabweretsa katswiri wopanga zida dzina lake Sokolov, ndipo mayi amene anamuphunzitsa usilikali, The Boss, ali pakatikati pa nkhani yonse. Ndilekeze pomwepa, zinazo mukaone nokha.

Kuti mumvetse zomwe Hideo Kojima, amene anapanga magemuwa, ndi anzake a ku kampani ya Konami anachita mu 3, ikani kaye disiki ya 2 yo olo mphindi zochepa muyang'ane pakona ya skirini, mmwamba kudzanja lamanja. Pali rada, ikukuonetsani msilikali aliyense ngati kadontho komanso komwe maso ake aloza. Nde mu 2 munthu umasewera maso ali pa kabokosi kameneko, umadziwiratu kuti ndikaima apa sandiona. Ndi gemu yabwino ndithu, inabweretsa kuloza mfuti ukuona ndi maso a mwini wake, kubisa munthu wokomoka mu loka, kumuimitsa msilikali manja mmwamba kuti agwetse katundu. Koma malo ake ndi makonde a mu sitima yapamadzi ndi nyumba zazitsulo pakati pa nyanja, makona okhaokha. Mu 3 anati poti ndi 1964 makina amenewo kunalibe, rada ija anayichotsa nkukuponyani kutchire. Nchifukwa chake msilikali anakuonani musanamuone. Inu mumayang'ana Snake, pomwe gemuyo ikufuna muziyang'ana nkhalango.

Pamene panali rada paja pano pali nambala ya peresenti, imeneyo ikukuuzani kuti mwabisika bwanji pamalo mulipo. Mukaimirira pambalambanda ndi yunifomu yosagwirizana ndi malo imatsika, mukathamanga nde imatsikiratu, koma mukagona chafufumimba mu udzu mutavala ya masamba ija nkudzipaka kumaso imakwera mpaka ma 80 kapena 90, msilikali amadutsa pafupi mpaka kumva nsapato zake zikuponda udzu, iye osakuonani. Mukatsamira mtengo valani ya khungwa. Pa njerwa ndi dothi lofiira palinso yake.

Tsono kudikira mukukudandaulako sikutaya nthawi ayi. Mukagona paja tulutsani mabainokula muwawerenge anthuwo, muone kuti uyu amachoka pa mtengo kukafika pa mlatho nkubwerera, uyu amaima malo amodzi, uyo ndi amene wanyamula wailesi. Ine ndinakulira kumudzi kwa Kachere ndipo amene anakumbapo mbewa akudziwa, sumangofikira kukumba pa una, umayamba wazungulira kuona komwe zingatulukire, nkutseka, nkumvetsera, khasu limabwera pomaliza. Mukadziwa mayendedwe a anthu amenewo malo onse aja asanduka anu, iwo ali ndi mfuti zikuluzikulu koma amene akudziwa zoti zichitike pompano ndinu. Pamene mukumuyandikira wina kumbuyo pang'onopang'ono, mnzake ali chapatali wayang'ana kumbali ndipo mukudziwa kuti atembenuka posachedwa, mtima umagunda zenizeni, mmanja thukuta. Gemu yowomberana sinandichititsepo zimenezo.

Chinanso nkhalango ija anayipanga yamoyo. Snake amamva njala. Pansi pa mzere wa moyo pali mzere wina wa mphamvu, ukatsika manja amanjenjemera poloza mfuti, mabala sapola msanga, mimba imalira mpaka msilikali amene ali pafupi amamva nkubwera kudzaona. Nde muyenera kusaka, njoka, achule, nsomba, bowa, akalulu, olo ng'ona. Nyama mukapha imawola pakapita nthawi, ndipo imatsata wotchi ya PS2 yanuyo, mukasiya kusewera masiku angapo mudzapeza zaonongeka. Koma chowolacho osataya. Mukaphulitsa ndi bomba la TNT kanyumba komwe asilikali amasungira chakudya, a dera limenelo amayamba kudandaula njala, mukawaponyera chowola chija amatola nkudya, kenako mmimba. Mukaphulitsa mosungira zipolopolo, akakuonani amawombera pang'ono zawathera. Njoka yaululu mukayigoneka ndi mfuti ya tulo mukuyinyozayo mumayisunga yamoyo nkudzayiponyera munthu. Chisa cha mavu chili mu mtengo mukachiwombera chimagwera amene ali pansi, onse kubalalika. Palibe amene amakuuzani kuti chitani zimenezi, anangoyika zinthuzo pamenepo nkukusiyani muganize nokha.

Mukavulala namonso muli ntchito. Chipolopolo mumachotsa ndi mpeni nkuthira mankhwala nkumanga bandeji, fupa likathyoka mumangirira kathabwa, misundu ya mu dambo ikakumamatirani mumayiwotcha ndi ndudu. Mukazisiya mzere wa moyo sudzadzanso bwinobwino. Ena amati zachuluka, ine ndimaona kuti ndi zimene zimakupangitsa kuopa kuwomberedwa, chifukwa ukudziwa kuti bala lililonse udzalisamalira wekha.

Za shopuzo ayankhe ena, ine si wa bizinesi.

NaJere_Lizulu

A Chongoni mwalongosola bwino koma pamodzi pokha ndikutsutsani. Achimwenewa sanaonedwe chifukwa choti samayang'ana nkhalango, vuto ndi kamera. Snake Eater yoyamba ya 2004 kamera yake ili mmwamba ngati ya mu 2, koma rada palibe, nde msilikali amakhala kunja kwa skirini akukuona iwe sukumuona. A Konami eni ake anaziona, nchifukwa anatulutsa ina yotchedwa Subsistence imene kamera umayizunguza wekha kumbuyo kwa Snake. Achimwene yang'anani pa disiki yanuyo mwalembedwa chani. Komanso zolowa mu menyu kukasintha zovala ukangoyenda pang'ono ine zimandidula mtima, uli pakati pobisala mtima uli mmwamba kenako waimitsa gemu kukasankha malaya.

Ine ndinalowera kwina, Splinter Cell Chaos Theory ya Ubisoft Montreal ya 2005, ndimasewera pa laputopu yakale yomwe ndimalembera za shopu yanga pa Lizulu pano, imayenda bwinobwino popanda intaneti ndipo batire ya sola imakwanira. Nayonso ndi yachitatu, yoyamba inali 2002, Pandora Tomorrow 2004. Zoyambazo zinali zankhanza, mu mishoni zambiri alamu ikalira katatu basi yatha, kayambirenso. Mu Chaos Theory anasintha, alamu ikalira gemu sikutha, koma alonda amavala zotchinga zipolopolo ndi zipewa zachitsulo, amachenjera, nde wadziumitsira wekha ntchito koma ukupitirirabe. Kwa ine apa ndi pamene pamakomera magemu obisala akafika pa 2 kapena 3. Yoyamba opanga amakhala akuopa kuti anthu azingowombera, nde amakulanga ukangolakwa pang'ono. Akamapanga yotsatira amakhala aona mmene anthu amasewerera, amasiya kulanga nkuyamba kukupatsa njira. Kuonedwa kumasanduka gawo la gemu, umathawa, umazimitsa magetsi, umakwera paipi nkumawaonera pansi akukusaka.

Pa skirini pali miyeso iwiri, wa kuwala ndi wa phokoso. Wa phokosowu ndi umene ndimaukonda chifukwa umaonetsanso phokoso la malo amene uli. Ukakhala pafupi ndi jenereta ikulira ukhoza kuyenda mwachangu osamveka, koma mu ofesi ya zii umachita kunyang'ama phazi limodzi limodzi. Sam Fisher, amene umamuyendetsa mu gemuyi, anamupatsa mpeni, amang'amba nawo tenti nkulowera kumbuyo, amabowola jenereta magetsi nkuthima. Pisitolo yake ili ndi kachida kothimitsa babu kwa kanthawi kochepa osaliswa, nde mlonda amangodabwa kuti babu latani, iwe wadutsa kale. Chitseko chokiya ukhoza kuchitsegula mwakachetechete ndi tizitsulo koma zimatenga nthawi, kapena kuthyola loko mwachangu koma likhala ndi phokoso ndipo mlonda akadutsa aona kuti pathyoledwa. Chilichonse chili ndi mtengo wake.

Pali mishoni ya mu banki ku Panama, imeneyo ndimayibwereza osatopa, njira zolowera ndi zingapo ndipo ukhoza kuyimaliza yonse popanda mlonda ndi mmodzi yemwe kudziwa kuti munalowa munthu. Kumapeto amakupatsa peresenti, kuti upeze 100 usaphe munthu, usaonedwe, asapeze aliyense amene wamugoneka. Pa kompyuta umaseva paliponse nthawi iliyonse, zimene zimathandiza kwambiri kwathu kuno. Koma valani mahedifoni, gemu yobisala pa sipika ya TV mu shopu yaphokoso theka lake latayika.

Kachewere_FC

Ine ndinena mosabisa amwene, mu shopu siyigwira. Ndinayendetsako shopu ngati yanuyo ku Tsangano ndisanayambe za mbatatesi. Mpira anthu awiri alipira, mphindi khumi yatha, wogonja adzuka wina akhala, ndalama ikuzungulira ndipo oonerera akukuwa kumbuyo kukopa ena odutsa panjira. Metal Gear ndi ya munthu mmodzi, akhala pa TV ola lathunthu atagona mu udzu, amene ali pamzere atopa apita kwa mnzanu wapafupi. Mwana wasukulu amene wasunga ndalama yake ya mandasi sangalipire kuti aonere anthu akucheza pa wailesi mu Chingerezi chothamanga chonchija. Komanso aliyense afuna sevu yake pa memori khadi, nde tsiku lina wina adzafufuta ya mnzake mudzaweruza milandu.

Ndiye pali za magetsi. Uli pakati pa filimu yaitali, sunaseve, phethi magetsi azima, akabwera uyambirenso pomwe unasevera. Zimawawa.

Ndipo ya 2 ija muchenjere nayo. Pa bokosi pali Snake, gawo loyamba la mu sitima yapamadzi ukuyendetsa Snake, zikukoma, kenako gemu yonse yotsalayo akupatsa mnyamata wina watsitsi loyera dzina lake Raiden, Snake umangomuona apo ndi apo. Kumapeto kwake nkhani imapotana mpaka sudziwa kuti mdani ndi ndani. Anthu ambiri nthawi imeneyo sanakondwe nazo ndipo ine ndili mbali yawo. Sindikukana kuti 3 ndi yabwino kuposa 2, nkhani yake ndi yowongoka, munthu umayitsata. Koma ndi gemu ya kunyumba, Lamulungu masana, foni utazimitsa. Ya shopu ayi.

Mphate_Boy

Zikomo nonse. Achemwali a ku Lizulu ndayang'ana, pa disiki angolemba Snake Eater, Subsistence palibe. A Chongoni dzulo ndinachita zomwe munanena, ndinavala ya masamba nkugona mu udzu wautali pafupi ndi njira, nambala inafika 85, msilikali anabwera kuima pompo pamutu panga, kuyang'ana uku ndi uku, nkubwerera. Mkazi wanga amandifunsa kuti bwanji mwasiya kupuma. Nde ndayamba kumva zomwe mukunena.

Koma pali ziwiri zikundivuta. Ndikamamuyandikira kumbuyo amatembenuka ndisanafike, ndipo ndikakwanitsa kumugwira Snake amangomucheka pakhosi pomwe ine ndimafuna ndimufunse mafunso ngati mmene amanenera pa wailesi paja. Ndi batani liti?

Chongoni78

Eya achimwene, mwalowa tsopano. Poyandikira munthu siyani sitiki, gwiritsani mabatani a mivi a kumanzere aja, Snake amanyang'ama osamveka. Akutembenukayo akumva mapazi anu. Za kucheka pakhosizo ndi batani la sekolo, mabatani a padi ya PS2 amamva kuti mwadina mwamphamvu bwanji. Dinani mopepuka nkugwirizira, amugwira pakhosi. Mukakanikiza kwambiri nde amacheka. Mutamugwira choncho dinani sitiki ya kumanzere kulowetsa mkati, amuopseza ndi mpeni ndipo amaulula, nthawi zina komwe kuli katundu, nthawi zina nambala ya wailesi yothetsera alamu. Koma onani padi yanu, mapadi ambiri otchipa a mumsika samva kupepuka ndi kulemera kwa chala, nde sakani ya Sony yeniyeni olo yakale.

NaJere akunena zoona pa kamera, sindikana. Pa disiki muli nayoyo zolowerani kuima pafupipafupi nkudina R1 kuti muone ndi maso a Snake musanasunthe. Koma poti muli ndi PS3, mu 2011 anatulutsa HD Collection ya PS3 imene muli 2 ndi 3 limodzi ndipo 3 yake ndi ya kamera yatsopano ija. Mukayipeza tengani.

Ndipo mfundo ya a NaJere ija ya kuonedwa imagwiranso muno. Akakuonani musathamangire kuyambiranso. Yang'anani amene ali ndi wailesi, mukamugoneka kapena kuswa wailesiyo ndi chipolopolo asanayitane anzake, gulu lija silibwera. Akayitana, thawani mulowe pansi pa nyumba kapena mu dzenje la mtengo, muona nambala ikutsika pa skirini, akusakani, kenako atopa abwerera mmalo mwawo koma ali tcheru. Nkhani zabwino zomwe ndimakumbukira mu gemu imeneyi zambiri zinayamba pamene zinthu zasokonekera.

Chifukwa china chophunzirira kusacheka anthu, kutsogoloko pali malo ena mudzayenda mu mtsinje, ndipo munthu aliyense amene munamupha kuyambira pachiyambi adzabwera kudzakumana nanu mmodzimmodzi, wochekedwa pakhosi akubwera mutu uli pambali. Amene sanaphe aliyense amadutsa mtsinjewo mwachangu, amene amangopha amayenda mpaka kutopa. Ine pamenepo ndi pamene ndinaona kuti gemuyi imasunga zonse zimene ukuchita, ndipo mfuti ya tulo ija anakupatsani dala.

A Kachewere, za filimu mukhoza kuzidumpha, ndipo mawailesi ambiri ndi iwe mwini amene umayimba ukafuna. Kuseva mumayimbira Para-Medic, dokotala wamkazi wa pa wailesi uja, pa nambala 140.96 nthawi iliyonse, kungoti mukabwerera mumayambira polowera dera limenelo, nde chizolowezi chake ndi kuseva mukangolowa malo atsopano, magetsi akazima simutaya zambiri. Koma pa zoti oonerera sangakondwe ndikukanani. Dikirani achimwenewa afike pa The End. Ndi nkhalamba ya zaka zoposa 100, katswiri wowombera patali, mumamenyana naye mu nkhalango yaikulu ya zigawo zitatu, iye wabisala inu mwabisala, palibe nyimbo, mbalame ndi mphepo basi. Mumamusaka ndi maikolofoni yomvera patali kuti mumve kupuma kwake, kapena kuona galasi la mfuti yake likunyezimira padzuwa, kapena kutsata mapazi ake ndi magalasi oonera kutentha. Zimatha kutenga ola. Akakupezani sakuphani, amakugonekani nkukunyamulani kukakusiyani mu selo kumbuyo komwe munachokera, muyendenso ulendo wonse. Ine ndinasewera gawo limeneli pa nyumba anyamata atadzadza pa mkeka, aliyense akuloza pa skirini kuti uyo apo, ayi ndi chitsa chimenecho, mpaka nsima inazizira. Ndipo njira zomugonjetsera ndi zambiri, mukhoza kumuzembera kumbuyo nkumuloza mfuti, mukhoza kumuwombera kale kwambiri pamene akuoneka ali pa njinga ya olumala pa doko nkhondoyo nkusachitika nkomwe, kapena kuseva pakati pa nkhondoyo nkusiya sabata yathunthu, mukabwerera mupeza wamwalira ndi ukalamba. Njira yomalizayi musayitenge ulendo woyamba, mudzadzimana gawo lokoma kuposa onse.

Bembeke_Tech

Ndalowa mochedwa koma ndiyankheko za Delta zomwe msuweni wanu ananena, poti ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi makompyuta. Inatuluka pa 28 August 2025 pa PS5, Xbox Series ndi kompyuta, anayimanga pa pulogalamu yopangira magemu yotchedwa Unreal Engine 5. Kojima sanakhudzidwe nayo, iye anachoka ku Konami mu 2015, koma nkhani, malo ndi mawu a anthu oyankhula anasunga a kale omwe aja. Mumasankha kamera ya mmwamba yakale kapena yatsopano ya paphewa, zovala mumasintha mwachangu osalowa mu menyu yaitali, zomwe a NaJere amadandaula zija, ndipo zipsera za mabala zimatsalira pathupi la Snake mpaka kumapeto. Koma imafuna makina amphamvu, laputopu wamba za mu ofesi zomwe anthu amabwera nazo kwa ine siyingayende, ndipo kuyikopera pa intaneti ndi bandulo ya foni ndi ndalama zambiri. Nde musadzione otsalira amwene, gemu yeniyeniyo ndi imene muli nayo mu jumbomo.

Ine wanga ndi Hitman 2 ya 2018 ya IO Interactive a ku Denmark. Kumeneko sukwawa mu udzu kwambiri, umabisala poyera, wavala yunifomu ya makaniko pa mpikisano wa magalimoto ku Miami kapena ukuyenda pakati pa chigulu cha anthu ku Mumbai, ndipo amene angakuzindikire ndi okhawo amene amadziwa anzawo onse a ntchito imeneyo. Mapu amodzi umawabwereza kambirimbiri njira zosiyana. Vuto lake imafuna intaneti kuti zida zomwe wapambana zizitseguka, nde kwa ife Blood Money ya 2006 ndi imene ili bwino, ilipo ya PS2 ndipo pa kompyuta yakale imayenda.

Pa za shopu a Kachewere akunena zoona masana, ana akaweruka musachotse mpira pa TV. Koma muli ndi ma TV awiri. Loweruka madzulo yesani kuyika Snake Eater pa imodzi, sevu ikhale yanu imodzi yokha pa dera limodzi la asilikali ambiri, aliyense alipire ngati gemu imodzi ya mpira, akangoonedwa apereke padi kwa wotsatira, amene wadutsa osaonedwa dzina lake mulembe pa khoma. Potero nthawi ya munthu mmodzi ndi yochepa, pamzere pakuyenda, ndipo amene akudikira akuphunzira mayendedwe a asilikali poonerera anzawo. Sevuyo muyikoperenso pa memori khadi ina muyisunge kunyumba.

Lachisanu ndikupita ku Lilongwe kukaoda ma skirini a mafoni, ndikafunsako HD Collection ija mmashopu a ma disiki akale pamodzi ndi padi ya Sony. Mundiuze mu inibokosi ngati PS3 yanuyo ikuwerengabe ma disiki, ndikapeza ndidzapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Ntcheu.